Masiku Atatu Pampando

Mwendo unayamba kupweteka Lolemba masana, tsiku lachitatu la tchuthi. Ululu wake sunali woopsa. Unali m'katumba wa mwendo wakumanzere, ngati mmene zimakhalira munthu akayenda mtunda wautali. Koma Mphepo anali asanayende kupita kulikonse. Anangowongola mwendowo pansi pa tebulo, maso ali dwii pa kompyuta.

Dzina lakuti Mphepo anamupatsa ndi anzake kusekondale chifukwa cha liwiro lake pa mpira. Tsopano anali ndi zaka 24 ndipo ankagwira ntchito yoyankha mafoni a makasitomala pa kampani ina. Kuyambira m'mawa mpaka madzulo ankakhala pampando, zomvera zili m'makutu. Akaweruka ankakhala pampando wa basi, ndipo akafika kunyumba kwa achemwali ake, pansanjika yachitatu, ankakhala pampando winanso m'chipinda chake n'kuyamba masewera ankhondo a pa intaneti. Anzake a mpira anabwera kudzamutenga Loweruka kangapo konse, kenako anatopa n'kusiya.

Pa tchuthi chimenechi kunali mpikisano wa masewerawo. Gulu lawo linali la anthu anayi, ndipo mtsogoleri wake anali mnzake wa kuntchito amene aliyense ankamutchula kuti Jenerali. Lamulo la Jenerali linali limodzi: nkhondo ikayamba, palibe wodzuka. Mphepo anafika mpaka posiya kumwa madzi kuti asamavutike ndi kupita kuchimbudzi.

Achemwali ake, omwe anali telala, anakankha chitseko atanyamula mbale ya chakudya. Anapeza mbale ya m'mawa ili pomwe anaisiya, makatani ali chitsekere.

"Iwe, chipinda chino chikununkha masokosi. Dzuwa unaliona liti?"

"Achemwali, pepani, tatsala pang'ono kupambana."

"Loweruka unanenanso zomwezo. Tapita ukandigulire ulusi pa shopu yapakona, uwongoleko miyendo."

"Ndipita tikamaliza."

"Ndidzakupeza utamera mizu pampando pomwepo," anatero akutuluka. Ulusiwo anakagula okha.

Lachiwiri m'mawa nsapato yakumanzere inakana kulowa. Mphepo anamasula zingwe zonse, n'kukakamiza phazi. Kuntchito anapinda buluku n'kuonetsa Jenerali, amene ankakhala tebulo loyandikana naye. Mwendo unali utatupa kuyambira pa bondo mpaka kukakolo. Khungu linali litakungika, likunyezimira, ndipo ukaligwira linali lotentha kuposa la mwendo winawo.

"Kodi zimenezi n'zabwinobwino?" anafunsa Mphepo.

Jenerali anayang'ana kamodzi n'kuseka. "Aise, wakalamba basi. Ndi mtsempha wakokana umenewo. Ukafika kunyumba usisite mwamphamvu ndi mafuta, kenako uupumitse."

"Osapita kuchipatala?"

"Ukataye tsiku lonse pamzere chifukwa cha katumba? Komanso lero tili ndi ndime yomaliza. Paja kupumitsa mwendo ndi kukhala pansi, eti? Ndiye upumitsa uku tikumenya nkhondo."

Madzulo amenewo Mphepo anachita zomwe anauzidwa. Anasisita katumba mpaka misozi inalengeza, kenako anakhala pampando maola ena anayi. Gulu lawo linapambana. Achemwali atamufunsa chifukwa chake ankatsimphina, anawayankha kuti nsapato ikumuthina.

Lachitatu m'mawa, akutsika masitepe kupita kuntchito, anamva chinthu chikumubaya m'chifuwa, kumanja, ngati singano yaikulu. Anaima. Atakoka mpweya, singanoyo inalowa kwambiri. Anatsika masitepe ena asanu, koma mpweya unkachita ngati ukuthera pakhosi. Mtima unkagunda mothamanga ngati wa munthu amene wathamangitsidwa ndi galu. Anakhala pansi pa sitepe, thukuta lozizira lili kamukamu, n'kudziuza kuti zitha pompano.

Apa n'kuti mayi wina wa pansanjika yachiwiri, namwino wa pa chipatala chachikulu, akukwera masitepe kuchokera kuntchito. Anali atatopa, nsapato zoyera zili m'manja, atavala masilipasi. Ankamudziwa Mphepo kuyambira pamene anasamukira kwa achemwali ake.

"Achimwene, mwakhala pamasitepe bwanji? Mwachotsedwa ntchito?"

Mphepo anayesa kuseka koma anatsokomola. "Ndangobanika... pang'ono, amayi."

Nkhope ya namwinoyo inasintha. Anaika nsapato pansi, n'kugwira dzanja la Mphepo pamkono, maso ali pa wotchi. Kenako anaona phazi lomwe zingwe zake zinali zosamanga.

"Tandionetsa mwendo uwo. Unayamba liti kutupa?"

"Kupweteka Lolemba. Kutupa dzulo."

"Unagwa? Unamenyedwa ndi chinthu?"

"Ayi. Ndinangokhala m'nyumba tchuthi chonse."

"Kukhala kwake kotani?"

Mphepo anawerama. "Pa kompyuta. Kuyambira Loweruka."

"Ndipo mwendowu unautani?"

"Ndinausisita. Mnzanga anati..."

"Usadzuke. Usayese n'komwe kudzuka," anatero namwinoyo, mawu ali otsika. Kenako anakweza mutu n'kukuwa moti nyumba yonse inamva. "Atelala! Tsikani msanga ndi foni yanu!"

Amuna awiri oyandikana nawo anamunyamula mpaka pa galimoto. Ulendo wonse achemwali ake anamugwira mutu pamiyendo pawo.

Kuchipatala anamuveka chopumira pamphuno, anamubaya jakisoni, n'kumuunika mwendo ndi chifuwa pa makina. Dokotala anayang'ana zithunzizo mosamala. Pomaliza anati magazi anaundana mumtsempha wa m'mwendo, ndipo kachidutswa kake kanathothoka n'kukatsamira m'mapapo.

"Kakanakhala kokulirapo, bwenzi tikulankhula zina," anatero dokotalayo, n'kupita kwa wodwala wina.

Achemwali anatuluka panja. Mphepo anawamva akulira m'khonde.

Mawa lake namwino uja anabwera atavala yunifolomu, n'kukhala m'mphepete mwa bedi.

"Amayi, matenda amenewa si a anthu okalamba kodi?" anafunsa Mphepo. "Ine ndili ndi zaka 24."

"Okalamba amawadwala, inde. Amayi oyembekezera, anthu ochitidwa opaleshoni, oyenda ulendo wautali atakhala malo amodzi. Kwa achinyamata sachitikachitika, koma amachitika, ndipo iwe si woyamba kumuona. Magazi a m'miyendo amakwera kubwerera kumtima chifukwa akatumba amawakankha ukamayenda. Ukakhala maola ambirimbiri mawondo ali opinda, madzi osamwa, magazi amayenda mwaulesi, ndipo nthawi zina amaundana. Tsono mwendo wotero sasisita. Amathamangira nawo kuno."

Mphepo anakumbukira mmene anakanyira katumba uja ndi manja onse awiri.

"Ndiye kuti kompyuta ndiitaye?"

"Ine ndanena zimenezo? Inenso foni ndili nayo, ndipo timafilimu toseketsa ndimationera. Koma tandiuza, kupatula kompyuta ndi foni, nthawi yako yopuma umachita chiyani?"

Mphepo anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Anafufuza m'mutu, mwezi uno, mwezi watha, chaka chonse. Sanapeze kanthu.

"Ndinkasewera mpira," anatero potsiriza.

"Liti?"

"Papita zaka ziwiri. Koma ndikatuluka muno ndiyambiranso."

Namwinoyo anapukusa mutu. "Osati pano. Mapiritsi amene uzimwawa ndi oletsa magazi kuundana, ndipo uwamwa miyezi ingapo. Munthu akakuponda kapena mukagundana mitu, magazi akhoza kuvuta kusiya. Mpira udikire kaye mpaka adokotala akulole."

Mphepo anatembenukira kukhoma. Zaka ziwiri zonse bwalo linali pafupi, miyendo ili bwino, anzake atagogoda pachitseko mpaka kutopa. Tsopano pamene ankaufuna mpirawo ndi mtima wonse, m'pamene anamuletsa.

"Kuyenda ndiye uyende tsiku lililonse," anapitiriza namwinoyo. "Kuntchito uzidzuka ola lililonse, ngakhale kungozungulira tebulo. Botolo la madzi lizikhala pafupi. Ntchito yako ndi yokhala pansi kale, ndiye nthawi yopuma upeze chochita choimirira. Masewera akowo uwapatse nthawi yake, ikakwana uzimitse."

Mphepo anakhala m'chipatala masiku asanu ndi limodzi. Anzake a mpira, omwe iye ankawazemba aja, anabwera atatu atanyamula zipatso, n'kumamuseka kuti Mphepo wasanduka kamphepo kayaziyazi. Jenerali sanabwere. Anangotumiza uthenga pa foni: "Chira msanga aise, gulu likuluza popanda iwe."

Atatuluka, masitepe a kunyumba anawakwera mopumira katatu. Patapita milungu iwiri anayamba kuthandiza mwamuna wa namwino uja, bambo wopuma pa ntchito amene ankalima timabedi ta ndiwo zamasamba kuseri kwa nyumbayo. Mphepo ankatunga madzi, kuthirira ndi kuzulira udzu, uku bamboyo akumunyogodola kuti sadziwa kusiyanitsa mbande ndi udzu. Madzulo ankayenda ndi achemwali ake mpaka kumsika. Kompyuta ankaiyatsa ola limodzi, alamu ikalira n'kuzimitsa. Sizinali zophweka. Masiku ena zala zinkachita kuyabwa, ndipo kawiri konse achemwali anachita kumuzulira chingwe kukhoma.

Loweruka lina masana, Jenerali atakhala masiku awiri osaoneka kuntchito, Mphepo anayenda wapansi mpaka kumene mnzakeyo ankachita lendi. Makatani anali otseka. Mkati munkamveka mfuti za pa kompyuta. Anagogoda kamodzi, kawiri, osayankhidwa.

"Jenerali! Ndine Mphepo. Tatsegula."

"Dikira aise, ndili pakati pa nkhondo!"

"Wakhala pamenepo kuyambira liti?"

"Sindikudziwa. Lachinayi mwina. Lero n'lachingati?"

Mphepo anavula nsapato imodzi n'kuyamba kumenya nayo chitseko, mwamphamvu, mosalekeza, mpaka anthu a nyumba zoyandikana anasuzumira pamawindo. Mfuti zija zinaleka. Kenako anamva mpando ukukhwekhwereza, ndi mapazi akubwera pang'onopang'ono.

Phunziro: Foni ndi kompyuta zikadya nthawi yonse yopuma, thupi limavutika mwakachetechete. Dzukani pafupipafupi, imwani madzi, ndipo khalani ndi chochita china chokutulutsani panja ndi kukukumanitsani ndi anthu. Mwendo umodzi ukatupa, kutentha ndi kupweteka popanda chifukwa, musausisite, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mukayamba kubanika kapena kumva kubaya m'chifuwa, musadikire ngakhale ola limodzi.