Tsiku Limene Tucker Anagoneka Mfuti Pansi

Imvani za Tucker, chibwenzi cha achemwali anga a Raylene, chifukwa kutchalitchi akuipotoza nkhaniyi, pomwe ine ndinalipo!

Kwathu kuno ku Wyoming, munthu wofuna ulemu sagula zipolopolo zam'sitolo. Amatenga makoko amkuwa n'kuthiramo yekha wonga. Bambo anga amachitira zimenezi m'chipinda chawo chapansi, ndipo salowetsamo munthu amene sakumukhulupirira. Tucker anakhala akupempha ukwati kuyambira chaka chatha, koma m'chipindamo anali asanapondemo.

"Ameneyo amathira wonga ngati shuga wam'khofi," ankatero Bambo, akusisita chipsera cha patsaya pawo. Chipseracho anachipeza kale, khoko litawang'ambikira m'mfuti.

Ndiye Tucker anati awagonjetsa Bambo pampikisano wowomba chandamale chakutali, aone kuti iye si mwana. Zipolopolo zake anazikonza n'kuziyesa mu Januwale, kunja kukuzizira koumitsa zala, wonga ataufikitsa pamalire penipeni a mphamvu imene khoko lingapirire. Koma mpikisano unali wa m'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo! Bokosi lake lachiwiri la zipolopolo analisiya m'pikapu, kutsogolo, pansi pa galasi. Ine ndinaliona pokatenga zakumwa, koma maganizo anga anali pa mtsikana wogulitsa mabaga, mabanzi a nyama pakati aja, amene akuti ali ndi zibwenzi ziwiri. Iyayi, imeneyo ndi ina.

Ndi bokosi loyamba, eee! Tucker ankangomenya chitsulo cha chandamale chija, ngwee! ngwee! Anthu kukuwa, achemwali kudumpha ngati mwana. Bambo anatsalira pambuyo pang'ono, nkhope ili gwaa.

Kenako Tucker anathamangira bokosi lachiwiri lija. Anawomba, n'kumenyanso. Koma pofuna kutsegula, kampiringidzo ka mfuti kanakana. Anachita kukamenya ndi chikhatho kuti katseguke. Khoko litatuluka, analitembenuza n'kuliyang'ana kumunsi. Ine ndinasuzumira: panali kachizindikiro konyezimira, ndipo zilembo za pamkuwapo zinali zitaphwanyika. Ngakhale ine ndimadziwa tanthauzo lake. Wonga wotenthedwa umakankha mwamphamvu kuposa wozizira, ndipo mkuwa ukafika potero, khoko lotsatira likhoza kukung'ambikira kumaso.

Panali patangotsala pang'ono kuti atenge mphoto ya wopambana, lamba wa chitsulo chasiliva.

"Womba, mkamwini!" anakuwa mkulu wina kumbuyo. "Kapena ukuopa apongozi?"

Anthu anaseka. Achemwali anandifinya mkono mpaka zikhadabo kulowa.

"Achemwali, mundithyola!"

"Khala chete, Josie!"

Bambo ankangomuyang'ana Tucker.

Tucker anakhudza zipolopolo zotsalazo n'kuchotsa dzanja msanga. Anasolola kampiringidzo kaja, n'kugoneka mfuti pansi.

"Ndasiya," anatero.

Aaa! Mtima wanga unagwa. Bambo anamaliza kuwomba, lamba n'kukhala wawo. Atamulandira anamukoleka paphewa, n'kupita molunjika kwa Tucker.

"Patse khokolo."

Analizunguza padzuwa, akulikanda ndi chikhadabo.

"Unali utandipambana, mnyamata iwe. Wasiyiranji?"

"Bambo, Raylene akufuna mwamuna wa maso awiri."

"Ndipo unazisiya kuti zipolopolozi, kuti zitenthe ngati mbatata yootcha?"

"M'pikapu, Bambo."

"Chitsiru." Koma pakamwa pawo pankanjenjemera, kubisa kuseka. "Mawa ubwere nalo bokosilo, tikazikhuthule wonga chimodzichimodzi. Kuchipinda chapansi. Upukute nsapato, Amayi ako sakonda matope."

Amayi ako! Mwamva? Achemwali anakuwa mpaka agalu onse a m'mapikapu anayamba kuuwa. Makutu a Tucker anangoti psuu.

Choncho amene akunena kuti anachita mantha, abwere adzandifunse ine. Ukwati ulipo mu Seputembala. Diresi limene andisankhira ndi lobiriwira, loipa zedi, koma ndivala.