Nsapato za Bambo a Mkwatibwi

Cholakwa chinayambira pa phesi la chimanga. A Brown, kalaliki wa ku boma amene ankakwatira Rejoice, atatumiza uthenga wofunsa saizi ya nsapato ya apongozi awo aamuna, a Belita, mayi ake a Rejoice, sanataye nthawi. Anathyola phesi, n'kuyeza phazi la amuna awo, a Laston, kuyambira kuchidendene mpaka kuchala chachikulu, n'kumupatsira wakabaza. Anayeza mamawa, mapazi asanatupe ndi dzuwa, ndipo anayeza m'litali mokha. Za m'lifupi palibe amene anaziganizira.

Tsono phazi la a Laston si loyeza ndi phesi ayi. Munthu walima mpunga m'madambo a ku Chilwa zaka makumi anayi, kuponda matope m'dzinja, kuponda dothi lowotcha m'chilimwe, phazi likhalabe lowongoka bwanji? Lawo linaphwathalala ngati khasu, zala zinatayana chilichonse kwake. Nsapato zimene zinkagwirizana nawo zinali nkhwayira za tayala basi, ndipo analibe nazo manyazi.

Nsapato za ukwati zinabwera ndi a Bernadette, mlongo wawo wa a Brown, amenenso anali wapampando wa komiti ya ukwati. Zinali zakuda, zachikopa, zosongoka kutsogolo, zonyezimira moti ungadziwonerepo nkhope.

“Izi ndiye muvale Loweruka la ukwati, bambo, ndi masokosi,” anatero a Bernadette, maso ali pa nkhwayira zija. “Zinazi muzisiye kumunda. Kubwera anthu a m'maofesi, kulinso wojambula. Zikavuta musadandaule, a Thomson akhoza kumulowetsa mwanayu m'tchalitchi.”

A Thomson anali amalume ake a Rejoice, agolosale a ku Migowi, munthu wa nsapato zosinthasintha. Analibe mlandu uliwonse, koma dzina lawo linawalasa a Laston mumtima. Mwana mmodzi yekhayo wamkazi, wobereka iwo, wolera iwo, akalowe m'tchalitchi atagwira mkono wa munthu wina chifukwa cha nsapato? Anatembenukira kwa Rejoice, poganiza kuti mwina awayankhira.

Rejoice anayang'ana pansi. “Ababa, ndi tsiku limodzi lokha,” anatero motsitsa mawu.

Zimenezo ndiye zinawawawa kuposa mawu onse a a Bernadette. Koma analandira nsapato zija ndi manja awiri, n'kuthokoza.

Pasapezeke munthu wonena kuti a Laston sanayesetse, ameneyo ndikangana naye. Anadzola mafuta mapazi onse, phazi linalowa theka n'kukana. A Belita anathira chimanga chonyika m'madzi m'nsapato zonse ziwiri, kuti chikamafufuma chikopa chitanuke. Chinatanukadi pang'ono, mapazi n'kulowa mokakamiza, zala zitakwerana. Lamulungu a Laston anati aziyese popita kutchalitchi, ulendo wa ola limodzi wapansi.

Unali mwezi wa Okutobala, ndipo amene sadziwa Okutobala wa kwa Jenala asamayankhule za kutentha. Dzuwa limawotcha kumutu, dothi limawotcha kumapazi, mphepo yake imakhala ngati ikuchokera mu uvuni wa njerwa. Popita anayenda ngati munthu. Pobwerera, mapazi atatupa, anayenda motsimphina, kenako anakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuzizula nsapato zija. Masokosi anali atamatirira pa matuza, ndipo lakuchidendene linali litaphulika kale. Anafika pakhomo opanda nsapato, akudumphadumpha pamchenga wotentha, nsapato zili m'manja, akung'ung'udza m'Chilomwe mawu amene a Belita anakana kuwabwereza.

Lachiwiri a Laston anazikulunga m'jumbo n'kupalasa njinga kupita kumsika, kwa a Makina osoka nsapato. A Makina anatembenuza nsapato imodzi, n'kuyang'ana mapazi a a Laston, n'kupukusa mutu.

“Anakuyezani ndani, achimwene? Phazi timayeza masana litatupa, ndipo timayeza mbali zonse. Nyengo ino phazi limafuna mpweya. Izi ndi za anthu a m'maofesi, okhala pa mphepo ya fani.”

“Ziduleni,” anatero a Laston.

“Ndidule chiyani?”

“Kutsogoloku muchotse, zala zizipuma. M'mbalimu mutsegule. Kumbuyoku musiye kalamba basi.”

“Nsapato zatsopano izi, achimwene. Mphatso ya mkamwini.”

“Anandipatsa ine kapena anapatsa phesi? Ngati ndi zanga, ziduleni. Ine mwana wanga ndimulowetsa ndekha, ndipo sindimulowetsa ndikutsimphina.”

A Makina ananola mpeni wawo pamwala. Anawaimika a Laston pa katoni, n'kuzunguliza pensulo phazi lonse mmene lilili. Popeza pansi pa nsapato zija panali popapatiza, anadula tayala lopyapyala molingana ndi chithunzicho, n'kusokerapo zikopa zakuda zija ngati malamba, n'kuika kachitsulo komangira kumbali. A Laston atavala anayenda kukafika pogulitsira tomato n'kubwerera, zala zikusewera poyera. Anaseka koyamba sabata imeneyo.

A Belita ataziona anagwira pakamwa. “Bambo a Rejoice, mwatipha. Anthu aja tikawauza chiyani?”

“Ndikawauza ndine. Inu mungosita jekete.”

Loweruka dzuwa linatuluka lolusa. Pofika leveni koloko, malata a tchalitchi anali akuthetheka, kwaya ikuyimba uku ikudzikupiza ndi mapepala a pulogalamu. Pakhomo panaima Rejoice mu diresi loyera, a Thomson chapambali atavala suti, ndi a Bernadette atanyamula foni ziwiri. A Laston anatulukira atavala jekete yositidwa bwino, tayi ili pakhosi, kumapazi kuli malamba akuda opolishidwa, zala khumi zonse zili poyera, opanda masokosi.

A Bernadette anayang'ana pansi, ndipo anachizindikira chikopa chija. Nkhope inasintha.

“Bambo, nsapato zija mwazitani?”

“Ndi zomwezi, mayi. Ndazikonza kuti zindikwane.”

“Izi ndi zamwano. Simungalowe choncho pamaso pa alendo. A Thomson, tabwerani kuno mumugwire mwanayu.”

A Thomson anasuntha phazi limodzi n'kuima, thukuta lili kamukamu. A Laston sanakweze mawu, koma sanasunthenso pakhomopo.

“Mayi, inu ndinu mlendo wathu, ndipo ndikukulemekezani. Koma mapazi awa ndi amene ankasenza mpunga kuchokera kudambo kuti mwanayu aphunzire mpaka mchimwene wanu amuone. Sanabe, sanapemphe. Ngati lero akuchititsa manyazi, anene ndi mwiniwakeyu, osati inu. Akanena, ine ndikakhala kumbuyo, sindivuta.”

Anatembenukira kwa mwana wawo. Ankaopa, tisabise. Mawu aja a tsiku limodzi lokha anali asanawachoke m'makutu.

Rejoice anayang'ana mapazi a bambo ake kwa nthawi ndithu. Kuchidendene kunali bala la tuza lija, lisanapole, lofiira pansi pa kalamba. Kuchala chaching'ono kunalinso lina.

“Munazivala, ababa?” anafunsa.

“Ndinazivala. Lamulungu lapitali.”

“Mpaka kuno?”

“Mpaka kuno. Pobwerera ndiye zinandikanika.”

Rejoice anapatsira a Bernadette maluwa ake osawayang'ana n'komwe. Kenako anagwada pafumbi, diresi loyera lija lili pansi, azimayi a m'khonde n'kugwira mpweya. Kalamba kakumanzere kanali katakhudza bala. Anakamasula, n'kukatsitsa pang'ono kuti kasakhule, n'kukamanganso bwinobwino.

“Diresi, iwe, diresi likuda,” anatero a Bernadette.

“Lichapidwa, alamu,” anayankha Rejoice akudzuka. Anatenga maluwa ake, n'kukolowetsa mkono wake m'mkono wa bambo ake.

Analowa pang'onopang'ono, tayala la a Makina likuponda simenti mopanda phokoso. A Laston ankayenda mutu uli m'mwamba, komabe diso linaona zimene linaona: pansi pa mabenchi a alendo a m'maofesi aja, nsapato zinali zitavulidwa mwakabisira, masokosi akupuma pasimenti. Sanaseke, ngakhale kuseka kunawabwerera.

Wojambula anali atanong'onezedwa kale kuti mkuluyu azimujambula kuyambira m'mawondo kupita m'mwamba. Atafika pakati pa tchalitchi, Rejoice anaima, mawondo a diresi ali ofiira ndi fumbi, n'kumukodola.

“Achimwene, bwererani m'mbuyo pang'ono,” anatero. “Bambo angawa muwajambule onse.”