Akuti Tisamate Mng'alu

Ndinalota abweranso ana a sukulu yokonza mapulani a nyumba aja, amene Lachiwiri anadzajambula chinyumba chakale chimene timasokeramo zovala. Ankasisita khoma ngati akusisita mwana wakhanda, fungo la chuku likundikanda kukhosi.

"Mayi, mng'alu uwu musamate," anatero mtsikana wa magalasi. "Kukongola kwake ndi kumeneku."

Ndimati ndimukalipire, koma m'kamwa mwanga munadzaza mchenga. Mvula inayamba kugwa m'kati mokhamokha, kunja dzuwa lili phwee. Makina anga osokera anachita dzimbiri ndikuona, iwo n'kumawomba m'manja. Kenako anandigwira mwendo n'kuyamba kujambula ming'alu ya kumapazi kwanga. Anandikoloweka pamsomali ngati kalendala, mabwana a masuti akudutsa n'kumati, "Ameneyu musamukonze, akukongola choncho."

Ndinadzuka thukuta lili kamukamu. Kaya malotowa akutanthauza chiyani, kaya khomalo likufuna kutigwera, sindikudziwa. Koma lero ndamata mng'aluwo ndi dothi, ndi manja angawa. Akabweranso ndi makamera awo, ndidzawakhazika pansi pa khomalo tsiku la mvula, tione amene adzatchulenso kukongola.