Pansi m'Chipinda cha Mayi Leung

Tusekele anali atagwira mashifiti awiri motsatizana kunyumba yosamalira okalamba ku South Bend pamene miyendo inamukana. Anali masana, kunja kuli mbee ndi sinowo. Analowa m'chipinda cha Mayi Leung, n'kutseka chitseko, n'kudzigwetsa chagada pansi, nsapato zili kuphazi.

Mayi Leung anali ochokera ku Hong Kong. Sitiroko inawapha mbali imodzi ya thupi, ndipo ana awo anawasiya pamenepo n'kusamukira ku California.

"Taan si," anatero mayiwo, akumusuzumira ali pabedi.

"Mwati chiyani, amayi?"

"Kwathu timatero munthu akatopa n'kudzitaya chonchi. Kudziyala ngati mtembo." Anaseka ndi mbali imodzi ya kamwa. "Ine ndagona choncho zaka zitatu. Iwe wangoyamba kumene."

Tusekele anaseka, koma kusekako kunathera m'misozi. M'mawa womwewo mkulu wake Sophia anali ataimba foni kuchokera ku Indianapolis kuti bambo awo agonekedwa m'chipatala ku Zomba, ndipo akungotchula dzina la Tusekele. Sophia anali ndi mapepala, anali atagula kale tikiti ya ndege. Tusekele viza yake ya sukulu inatha mu 2004.

"Iwe usasunthe," anatero Sophia pafonipo. "Ukangotuluka m'dziko muno, sakakulolanso kubwerera."

Zonsezi anawafotokozera Mayi Leung ali chigonere pansi pomwepo.

"Ine uthenga wa maliro a amayi anga unandipeza ndikutsuka mbale m'lesitilanti ku Chicago," anatero iwo. "Anali atawaika kale."

"Ndiye munatani?"

"Ndinamaliza kutsuka."

Chitseko chinagogodedwa. Anali Belinda, woyang'anira manesi, kudzanena kuti wolandira shifiti sanabwere. Tusekele anadzuka, n'kukonza yunifolomu yake.

Loweruka anayendetsa galimoto maola atatu mpaka ku Indianapolis. Ali pamalo oimika magalimoto ku Lafayette Square, anajambula mawu ake pakaseti. Anayamba katatu. Chimene anakwanitsa n'kupereka moni, kunena za kuzizira, ndi kunama kuti sukulu ikuyenda bwino. Anaikulunga m'juzi yatsopano ya bambo ake n'kupatsa Sophia.

Pabwalo la ndege anaperekeza mkulu wakeyo mpaka pamene amaonetsa matikiti.

"Mukawauze kuti ndikubwera, achemwali."

Sophia anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Ndikawauza kuti uli bwino," anatero, n'kulowa pamzere.