Mabotolo a Yunike Apita ku Masowe

Milungu isanu ndi umodzi Yunike ankaviika ziwindi za mbewa m'mabotolo a mankhwala mpaka zinayamba kuonekera ngati madzi. Ankafuna kuti makina ounikira ndi kuwala kopyapyala ngati tsamba la tiyi aonetse mazira a likodzo mkati mwake. Makinawo ndi amodzi, ofufuza onse amachita kulandizana, ndipo tsiku lake linali Lolemba. Pa ulendo wopita ndi mabotolowo kumene kuli makinawo, anapatukira kwawo ku Mandeya kuti agone.

Kutacha anapeza mabotolo ake ali pakhonde, m'botolo lililonse muli timiyala titatu.

"Amayi, mwatani apa?"

"Ndinapita nawo ku masowe, kutchire kumene timapempherera kuja, mwanangu, aneneri awapempherera kuti ntchito yako iyende," anatero mayi ake akuvula mpango woyera. "Mafuta onunkha aja tataya, tathiramo madzi a mu mtsinje wa Pungwe. Usadandaule, munalibe kanthu. Ndinayang'anitsitsa ndithu."

Yunike anakweza botolo limodzi padzuwa. Mpata wina pa makinawo unali wa mu Malichi.

"Amayi, kuti inu musaonemo kanthu, ine ndinavutika milungu isanu ndi umodzi."