Dzenje la m'Nsapato ya Evelesi

"Ichi anakupatsani kuchipatala?" anaseka Maliko, wosoka nsapato wa pa Tengani, akulowetsa chala m'kadzenje. "Kapena makoswe ayamba kudya mphira?"

Gershom sanaseke. Anali atatenga nsapato za mkazi wake Evelesi mwakachetechete, mwiniwake ali kumjigo ndi patapata. Evelesi ankadwala shuga, ndipo shuga ndi woipa, anthu inu, amaba phazi mwiniwake ali maso. Mapazi ake anachita dzanzi, ngakhale munga samaumva. Chilonda cha pansi pa phazi lamanzere chitapola, a chipatala ku Nsanje anamuyeza, nkumupangira kamphira kofewa koika m'nsapato, kokhala ndi dzenje pamene panali chilondacho. Anamuchenjeza kuti chikatsegukanso, mwendo udzadulidwa.

"Osauka amatipatsa zotsala," anatero Gershom. "Wawona nsapato ya bwana ili ndi chibowo? Tseka."

Maliko anadula kachidutswa ka tayala, anamata ndi guluu, nkusalaza bwinobwino. "Tsopano alamu athu akhoza kuvina mpaka ku Mlolo."

Kunyumba, Evelesi anazindikira atangolowetsa dzanja m'nsapatomo.

"Bambo a Connie, mwachita chiyani? Anati dzenje lija ndi la dala, kuti pachipsera pasamagunde pansi. Thupi lizilemera mbali zinazi."

"Amatero pobisa manyazi. Tavalani. Kukupweteka?"

Evelesi anavala, anaponda, anayenda mpaka pankhokwe.

"Ayi, sikukupweteka."

"Basitu!"

Kukanapweteka bwanji phazi lakufa? Koma bamboyo nkhope inali itawala, koyamba chiyambire matendawa kumuchitira kanthu mkazi wake, ndipo Evelesi sanafune kumuchititsa manyazi. Anangoti takhuta, kuthokoza kwa kwathu kuno. Kukhala chete kwina nkoopsa, ine ndimanena.

Inali nyengo yoinga mbalame m'mapira. Evelesi ankapita kumunda m'mawa, kubwera dzuwa litapendeka, mchenga ukuotcha ngati chiwaya. Tayala silifewa, silimva chisoni. Linkangokanikiza pamalo amodzimodziwo, ponda, ponda, iye osamva kanthu.

Anazindikira ndi mwana wawo Connie, atabwera kuchokera ku Nchalo kudzacheza.

"Amayi, ntchentchezi zikukutsatani bwanji? Tavulani."

Sokosi inakana kuchoka, inali itamatirira. Connie anainyowetsa ndi madzi ofunda nkuikoka pang'onopang'ono. Fungo linadzaza khonde. Chilonda chinali chitatseguka, chakuya kuposa kale, m'mbali mwake mutada, kutupa kutafika pakakolo.

Gershom anatola nsapato ija, anatulutsa mpeni nkuyamba kutokosa tayala lija.

"Ndichotsa, mayi a Connie. Taonani, likuchoka."

"Ababa, siyani," anatero Connie. "Pompani njinga."

Anamanga mtsamiro pakaliyala. Evelesi anakwera mothandizidwa, phazi atalikulunga m'chitenje. Sanalire, sanakalipe. Anangoyang'ana kumunda kumene mbalame zinali zitatera kale pamapira.

"Connie, munda wa kudimba uja uwauze azakhali ako alime chaka chino."

"Mubwera, amayi. Mudzalima nokha."

"Uwauze basi."

Gershom anagwira mahandulo, koma sanakwere. Anayamba kuikankha njingayo mumchenga, wapansi, kulowera kumsewu wa ku Nsanje.