Uthenga wa Chipinda Chachiwiri

Miriam Alufandika ankagwira ntchito ya zamagetsi pa nyumba ina yosungiramo katundu pafupi ndi bwalo la ndege la Chileka. M'nyumbamo munali zipinda zitatu zoziziritsa, momwe katundu wosafuna kutentha ankafikira akatsika m'ndege. Munalinso kompyuta yoyang'anira nyumba yonse, kuyambira kuzizira kwa zipinda mpaka jenereta. Chinthu chikalakwika inkalira n'kuonetsa zofiira. Koma inkalirira mu ofesi, ndipo Loweruka ndi Lamlungu ofesiyo inkakhala yokhoma.

Zimenezi zinkamudya mumtima Miriam. Anapempha bwana wake, a Luke, kuti amulole kulumikiza kabokosi kokhala ndi simu khadi, kuti kompyutayo ikaona vuto izitumiza uthenga pa foni. A Luke anavomera monyinyirika, ati ntchito zotere amaitanira akatswiri akunja. Miriam sanalimbane nawo. Kwa masabata atatu anali pa mawaya ndi buku la makinawo, nkhomaliro akudya chiimire, mpaka tsiku lina atasiya dala chitseko cha chipinda chili chotsegula, foni inalira m'thumba mwake.

Loweruka lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anali kwawo ku Lirangwe pa chinkhoswe cha mng'ono wake Prisca. Ankhoswe anali atangoyamba kulankhula, iye akugawira alendo thobwa, pamene foni inanjenjemera. Uthengawo unati chipinda chachiwiri chafika madigiri sikisi ndipo chikutenthabe. M'menemo munali katemera amene anafika dzulo lake, ndipo katemerayo akakhalitsa pamwamba pa madigiri eyiti ndiye kuti ngotaya basi.

Anazembera kuseri kwa nyumba n'kuimbira mlonda, a Ajibu, bambo wachikulire wodekha. Iwo anati magetsi anazima m'mawa koma jenereta ikuyenda bwinobwino, palibe chachilendo. Miriam anawapempha kuti azungulire kumbuyo akamvetsere makina oziziritsa. Anabwerera pa foni akupuma mwabefu: awiri akulira, apakati ali zii. Anawalongosolera switchi yoti akweze. Anaikweza, koma inagwanso pomwepo.

"Musaikwezenso, bambo Ajibu," anatero Miriam. "Chitseko cha chipindacho musatsegule ngakhale pang'ono. Ndikubwera."

A Luke anali kutali ku Mwanza. Uthengawo unali utawafika nawonso, ndipo pa foni anangomuuza Miriam kuti achite zimene angathe.

Amayi ake anamupeza akuvala nsapato pakhomo la khitchini.

"Mng'ono wako akuvekedwa mphete, iwe wa ku ntchito? Kumeneko kulibe amuna?"

Miriam anayankha mwaulemu kuti makinawo amawadziwa bwino ndi iyeyo, ndipo akachedwa ndi ola limodzi mankhwala awonongeka. Amayi anangotembenuka n'kubwerera kwa alendo. Abambo ake aang'ono, a Ezra, amene anabweretsa mipando pa pikapu yawo, anamva zonse. Anatulutsa makiyi n'kumukodola.

Podutsa pa Lunzu foni inati seveni. Pokhota pa Kameza Miriam anasiya kuiyang'ana. Atafika anapeza a Ajibu ataima pa geti, atatsegula kale. Chipindacho chinali chitangokhudza eyiti.

Sanayambe ndi makina. Atatuwo anasamutsira makatoni onse m'chipinda choyamba, akuthamanga, a Ezra jekete ya chinkhoswe ataikoleka pa chitsulo. Katoni yomaliza italowa, Miriam anamanga chitenje chake mwamphamvu n'kutsegula bokosi la magetsi. Fungo lokha linamuuza. Kachipangizo koyatsira makinawo kanali katapsa, kali bii. Kena kanali mu sitolo ya zida. Anazimitsa magetsi a mbali imeneyo, anamasula kakupsako n'kuikapo kenako, analumikiza waya umodziumodzi thukuta likudontha m'chibwano, ndipo atakweza switchi makina aja anatsokomola n'kuyamba kulira ngati anzake.

Anakhala pa sitepe kudikira. Patapita kanthawi foni inaliranso, kunena kuti chipinda chachiwiri chabwerera m'malo mwake. A Ezra anasuzumira uthengawo, anayang'ana nyumbayo, kenako anayang'ana mwana wa mkulu wawo.

"Ndiye kuti nyumbayi imakuitana yokha?"

"Ndinaiphunzitsa ndine, bambo," anayankha Miriam, kumwetulira kukumukanika kubisa.

Anabwerera ku Lirangwe dzuwa litapendeka, alendo akubalalika. Chitenje chake chinali ndi madontho a girisi. Anapita kaye kwa Prisca kukapepesa, ndipo Prisca anamuonetsa mphete n'kumuseka kuti akununkha galaja. A Ezra anali atayamba kale kusimba nkhaniyo kwa azibambo pansi pa mtengo wa mango, makatoni akuchulukirachulukira pakamwa pawo.

Amayi anamubweretsera mpunga ndi nkhuku zimene anamusungira, n'kukhala pambali pake. Anafunsa kuti mankhwala ake anali a chiyani. Miriam anati katemera wa ana, yemwe amaperekedwa ku sikelo. Atamva zimenezi, amayi anaitana mayi wina woyandikana nawo nyumba, amene ankadutsa ndi khanda kumbuyo.

"A Flossie, tabwerani kuno. Mwati mwanayu mupita naye liti ku sikelo? Khalani pansi, ndikuuzeni kumene Miriam anapita."